Sitima Zopanda Anthu pa Nyanja Yodzaza Anthu

Pasukulu pano pagwa nthenda yatsopano, ndipo ikufala msanga kuposa chimfine cha mu Juni. Nthendayi ndi ya mawu. Munthu akangowerenga timapepala tiwiri titatu ta kunja pa intaneti, amafika ku semina atasenza mawu akuluakulu ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi: sitima zodziyendetsa zokha, madoko anzeru, nyanja ya mawa. Enafe timagwedeza mitu, ena nkumalemba m'makope, ndipo ola likatha timatuluka titakhutira kuti Malawi watsala pang'ono kufika. Kufika kuti? Funso limenelo safunsa, poti wofunsayo amaoneka ngati wakumudzi.

Ine ndine wakumudzi, kwathu ndi kugombe la ku Salima, ndipo ndifunsa. Mlandu wanga ndi uwu: kafukufuku wa sitima zopanda amalinyero ngwabwino kwa eni ake, ndipo muli zina zoti ife titolemo. Koma sukulu ya ukachenjede ya ku Malawi ikauyambira pamene adauyambira a ku Norway, idzataya nthawi, ndalama ndi mitu ya ana a anthu osauka, kwinaku mwera ukupitiriza kumiza asodzi a ku Senga Bay, ku Lifuwu ndi ku Chipoka monga unkachitira makolo athu asanaone injini.

Tiyambe tawapatsa ulemu wawo eni ntchitoyi, kuopa kuti wina anganene kuti ndikunyoza chinthu chimene sindichidziwa. Mu 2016 dziko la Norway lidapatula nyanja ya ku Trondheim kuti ikhale bwalo loyeserapo sitima zodziyendetsa. Yunivesite ya sayansi ya mumzindawo, NTNU, idapanga kaboti ka magetsi kotchedwa milliAmpere 2, kamene mu 2022 kadayesedwa kuolotsa anthu pa ngalande ya m'tauni. Chaka chomwecho sitima ya Yara Birkeland, yotalika mamita 80, yonyamula makontena 120 ndi yoyendera mabatire, idayamba kutuma feteleza kuchokera ku fakitale ya ku Herøya kupita ku doko la Brevik. Eni ake adati idzachotsa pamsewu maulendo a malole 40,000 pachaka. Ku England, yunivesite ya Plymouth ili ndi chipinda chotchedwa Cyber-SHIP Lab, mmene adasonkhanitsamo zipangizo zenizeni za m'sitima kuti aziyesa kuzithyola monga mbava ingachitire, ndi cholinga choti apeze mphako mbavayo isanazipeze. Iyi ndi ntchito ya anthu oganiza, ndipo ndiigwadira.

Tsono tifunse chifukwa chimene adaiyambira. Norway ili ndi anthu osafika 6 miliyoni, malipiro a wantchito mmodzi ndi okwera zedi, ndipo gombe lawo ndi lokhotakhota kotero kuti njira ya pamadzi nthawi zambiri imafupika kuposa ya pamtunda. Kwa iwo munthu ndiye wosowa ndi wodula, makina ndiwo otsika mtengo. Adayang'ana bala lawo napeza mankhwala a balalo. Ife kalembera wa 2018 adatipeza tili 17.5 miliyoni, ndipo boma la Salima lokha lidali ndi anthu oposa 470,000. Anyamata amene adakhoza Fomu 4 akukoka chilimira usiku wonse kuti alandire kachidebe ka usipa. Ku Monkey Bay kuli sukulu ya Marine Training College yophunzitsa akaputeni ndi amakaniko a sitima, pa nyanja imene sitima zake zikuluzikulu mungaziwerenge ndi zala. Kodi m'dziko lotere nzeru yoyamba ya munthu wa digiri ikhale yochotsa anthu m'sitima? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anzanga. Wa ku Trondheim ali pachala cha mwini wake.

Bala lathu ndi lina, ndipo si lachilendo. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, yatsopano, yongoyenda maulendo ochepa, idagubuduzika ndi mphepo kufupi ndi Florence Bay kumpoto, ndipo anthu 145 adafera pamadzi. Ilala idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, idabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira mpaka ku Chipoka kwathuko, ndipo idayamba kuyenda mu 1951. Yatumikira zaka zoposa 70, ndipo ikadwala anthu a ku Likoma ndi ku Chizumulu amadwala nayo limodzi. Pa Pasaka wa 2017 boti lodzaza anthu ochokera ku mapemphero lidagubuduzika ku Mlowe m'boma la Rumphi, mabanja nalira maliro pa tsiku la kuuka. Izi ndi zimene zidalembedwa m'nyuzi. Zambiri sizifika ku nyuzi: bwato limodzi, anyamata atatu, injini yozima pakati pa nyanja usiku wa mu Julayi, amayi ataima pamchenga masiku atatu akuyang'ana kumadzi.

Nsomba zachepa kufupi ndi gombe, ndiye asodzi a kauni amapita kutali, kumene mapiri a kumtunda saonekanso. Amanyamuka madzulo nyanja ili bata. Mwera, umene umaomba kuchokera kumwera chakum'mawa kuyambira mwezi wa Meyi mpaka cha mu Sepitembala, ukhoza kudzuka pakati pa usiku, ndipo pa nyanja yotalika makilomita oposa 560 mphepo ili ndi bwalo lokwanira kuunjika mafunde oposa msinkhu wa munthu. A zanyengo amachenjeza pa wailesi, nzoona. Koma chenjezo lonena kuti panyanja padzaomba mwera silimuuza msodzi wa ku Nguwo ngati mphepoyo ifika pa 10 koloko usiku kapena m'bandakucha, ngati iyamba ku Chipoka kapena kuseri kwa zilumba za Maleri. Iye ali ndi ngongole ya petulo, ana akudikira, ndiye amapita. Ndani wa ife, wophunzira kapena mphunzitsi, angaimirire mu semina nkutchula chiwerengero cha anthu amene adamira m'boma la Salima chaka chatha, mwezi umene adamira, ndi mtundu wa boti limene adakwera? Amene sangayankhe funso limenelo alibe mphamvu yolankhula za chitetezo cha pamadzi, ngakhale atatchula mawu a Chingerezi aatali ngati njanji.

Wina adzati: sitima ya kompyuta sitopa, siledzera, sinyamula anthu opitirira muyeso, choncho ngozi zidzachepa. Ndimuyankha ndi sitima ya Mayflower Autonomous Ship, imene bungwe la ProMare lidapanga mothandizana ndi IBM kuti iwoloke nyanja ya Atlantic popanda munthu. Idanyamuka ku Plymouth mu 2021, nibwerera panjira chifukwa chitsulo china chidathyoka. Mu 2022 idanyamukanso, nipatukira ku zilumba za Azores kukakonzedwa, kenaka nipatukiranso ku Halifax ku Canada isanafike kumene inkapita. Ubongo wake unkaganiza bwinobwino. Chimene chidasowa ndi munthu wogwira sipanala. Aliyense amene adaona makaniko wa kugombe akuukitsa injini yakufa ndi waya wa njinga ndi kachidutswa ka patapata akudziwa kuti panyanja pathu munthu wa sipanala ndiye nangula wa ulendo. Nanga sitima yotere ikazima pakati pa Senga Bay ndi Makanjira, sipeyala yake ili ku Oslo ndipo ndalama zakunja ku banki kulibe, tidzaikankha ndi mapepala athu a semina?

Komanso maso a sitima zimenezi adaphunzitsidwa kuona zinthu za kwawo. Sitima zikuluzikulu zimadziwana ndi chipangizo chotchedwa AIS, chimene chimalengeza dzina, malo ndi liwiro la sitima. Bwato la mtengo lilibe chipangizo chotero, ndipo pa radar limaoneka movutikira, makamaka mafunde akakula. Kompyuta yoonetsedwa zithunzi zikwizikwi za maboti oyera a ku Ulaya sidaonepo siginala atakhala pabwato ndi nyali zake, anzake atatchera ukonde mozungulira mumdima. Sitima yopanda kaputeni ikadutsa pakati pa ukondewo nkugunda bwato, tidzamanga yani? Kompyuta? Mphunzitsi amene adasaina pepala? Kampani imene ilibe ngakhale ofesi ku Lilongwe? Anzathu a zamalamulo, amene mumakonda kutsutsana za milandu ya ku London, nayi nkhani yanu yagona pakhomo.

Tifike pa chitetezo cha makinawo, pamene okonda mawu aja amadutsapo mothamanga ngati podutsa pamanda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sitima yodziyendetsa imadziwa pamene ili chifukwa cha GPS, ndipo uthenga wa GPS umachokera ku masetilaiti a pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, kotero umafika pansi uli wofooka ngati kunong'ona. Wina akaima pafupi nkulankhula mokweza ndi liwu lofanana, sitima imamvera iyeyo. Mu 2013 Todd Humphreys ndi ophunzira ake a ku University of Texas adachita zimenezi pa nyanja ya Mediterranean: ndi kabokosi konga sutikesi adapatutsa sitima ya mamita 65 panjira yake, zipangizo za m'sitimamo zikuonetsabe kuti zonse zili bwino. Mu 2017 sitima pafupifupi 20 pa Black Sea zidauzidwa ndi GPS yawo kuti zili pamtunda, pabwalo la ndege. Amalinyero adasuzumira pawindo, naona madzi, nadziwa kuti makina akunama. Sitima yopanda munthu ilibe wosuzumira pawindo.

Ganizirani zimenezi pa nyanja yathu, imene malire ake ndi nkhani yosatha. Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Kumpoto mkangano wathu ndi Tanzania, wochokera pa pangano la Heligoland la 1890, udabukanso mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta. Sitima ya boma yonamizidwa ndi kabokosi ka munthu wosadziwika ikakakocheza pagombe la eni ake, idzakhala nkhani ya akazembe ndi asilikali.

Ndipo musaganize kuti mbava za pa kompyuta zimasankha olemera okha. Mu Juni 2017 kachilombo ka NotPetya kadazimitsa makompyuta a Maersk, kampani imene panthawiyo inkatsogola pa dziko lonse ponyamula makontena, ndipo idataya ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni. Mu Julayi 2021 mbava zidalowa m'makina a Transnet ku South Africa, ntchito nisokonekera pa doko la Durban, pamene katundu wina wa ku Malawi amadzera. Kwathu kuno, kumayambiriro kwa 2024, kusindikiza mapasipoti kudaima kwa milungu ingapo, ndipo mu Febuluwale chaka chimenecho Lazarus Chakwera, amene adali Pulezidenti panthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava zalanda makina a ofesi yoona zolowa ndi kutuluka ndipo zikufuna dipo. Ena adatsutsa, nati gwero lake ndi mkangano ndi kampani imene idakonza makinawo. Sankhani mbali imene mukufuna, phunziro ndi limodzi: makiyi a nyumba yathu adali m'thumba la munthu wina. Pasipoti ikachedwa munthu amaphonya ulendo wa ku Johannesburg. Chiwongolero cha sitima chikalandidwa, anthu amamira. Tili nalo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, koma lamulo limagwira mbava itaba kale, siliongola sitima imene yalunjika pathanthwe.

Pano ndikuona gulu lina likumwetulira, gulu la aja amati zonsezi nzachizungu, ife tizingopalasa nkhafi monga agogo athu. Pepani, sindili mbali yanu. Ulesi wanu ndi wofanana ndi wa anzanu aja, kungoti iwo amabisala kuseri kwa mawu achilendo, inu kuseri kwa chikhalidwe. Mu 2017 boma ndi UNICEF adatsegula ku Kasungu bwalo loyeserapo ndege zazing'ono zopanda woyendetsa, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba ku Lilongwe, mogwirizana ndi Virginia Tech ndi yunivesite yathu ya MUST ya ku Thyolo. Achinyamata a kuno adaphunzira kupanga ndi kuulutsa ndegezo. Ngati dzanja la Mmalawi lingapange chouluka, lingapangenso choyandama. Nkhani yagona pa ntchito imene choyandamacho chidzagwire, ndi mwini wa makiyi ake.

Onani anzathu a ku nyanja ya Victoria. Kumeneko akatswiri ankayerekeza kuti anthu 3,000 mpaka 5,000 ankamira chaka chilichonse. Pakati pa 2017 ndi 2021 ntchito yotchedwa HIGHWAY, yotsogozedwa ndi bungwe la zanyengo la dziko lonse, idakonza zolosera mphepo ya panyanjapo mwatsatanetsatane, nizifikitsa kwa asodzi m'zilankhulo zawo kudzera pa wailesi, pa foni, pa mbendera ndi pa zikwangwani za m'madoko. Bungwelo lidapeza kuti imfa zidatsika ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 alionse. Palibe kaputeni amene adachotsedwa ntchito. Makompyuta adagwira ntchito kumtunda, munthu nakhalabe pachiwongolero, tsopano akudziwa chimene chikubwera.

Nayi tsono ntchito imene ndikupempha, ndipo ndaitchula mwadongosolo kuti wina asadzati wodzudzula uja adalibe chopereka. Ophunzira masamu ndi zachikhalidwe cha anthu apite m'madoko a Salima, akakhale pansi ndi makomiti a m'magombe, mafumu, apolisi ndi azaumoyo, akatsegule kaundula wa ngozi zonse: tsiku, ola, mphepo, boti, chiwerengero cha anthu. Ophunzira uinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST apange timitanda toyandama toyeza mphepo ndi mafunde, toyendera dzuwa, tomangirira kuseri kwa Namalenje ndi Maleri, totumiza uthenga kumtunda kuti chenjezo lifike pa foni ya batani m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitonga. Apangenso kachipangizo kotsika mtengo ngati tochi, koti boti likazima injini mwini wake adine, a kumtunda adziwe kokamuyang'ana.

Ndipo ngati mtima wanu sugona popanda boti lodziyendetsa, nali: kaboti kotalika ngati chitseko, kopanda wokwera, konyamula choyezera kuya kwa madzi, kazizungulira pa doko la Chipoka ndi pamathiriro a Linthipe kakujambula mapu a pansi pa nyanja. Chipoka ndi pamene njanji, imene idafika m'dera la Salima mu 1935, imakumana ndi nyanja. Madzi a nyanjayi amasinthasintha: cha mu 2016 ndi 2017 adatsika mpaka magetsi a pa Shire adasowa mphamvu, ndipo mu 2024 adakwera nalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Mitsinje ikukokolola dothi la m'minda nkulitaya m'nyanja chaka ndi chaka. Kaputeni wodziwa pamene mchenga waunjikana sakhazika sitima pamchenga. Kaboti kotere kakatayika, tataya mabatire ndi thabwa, palibe maliro. Ndipo ophunzira za kompyuta apatsidwe ntchito yothyola chipangizo chilichonse chimene anzawo apanga, asanachitengere kumadzi, monga achitira ku Plymouth. Apo ndiye tidzakhala titatola nzeru yeniyeni ya azunguwo, osati chipewa chawo chokha.

Chitetezo chili ndi nkhope inanso imene mabuku a kunja saiona bwino. Chipangizo chosonyeza pamene pali boti chimasonyezanso pamene pali nsomba. Malo amene msodzi adawadziwa kuchokera kwa atate ake ndi chuma chake, ndipo akalowa m'kompyuta yosatetezedwa, mawa mudzapezako sitima yokoka makoka aakulu ya munthu wa ndalama. Chenjezo labodza la mwera lingagoneke mudzi wonse ndi njala, ndipo uthenga wabodza woti nyanja ili bata ungaphe anthu. Choncho funso loti makiyi asunga ndani liyankhidwe tsiku loyamba, pamaso pa eni nyanja.

Eni nyanja alipo, ndipo adayamba kuyendetsa zinthu ife tisanabadwe. Pa chilumba cha Mbenji, kufupi ndi gombe la Chikombe m'dera la Gogo Chalo Makanjira, mafumu ndi asodzi akhala akusunga malamulo awo kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Chilumba chimatsekedwa nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, nichitsegulidwa mvula ikatha, ndipo mowa ndi chamba nzoletsedwa pachilumbapo. Ofufuza a ku yunivesite ya Mzuzu ndi ya Strathclyde ku Scotland adapita kukaphunzira kwa anthu amenewa. Wophwanya lamulo pa Mbenji amadziwika dzina, amadziwika kwawo, ndipo amaweruzidwa. Funsani makina anu ngati angakuuzeni dzina la wowanamiza.

Aphunzitsi athu olemekezeka adzati: mwana iwe sudziwa za ndalama, opereka thandizo amalipira zimene akufuna iwo, ndipo magazini a kunja salandira nkhani za mabwato. Ndamva, akuluakulu, ndipo ndikudziwa kuti kukwezedwa pantchito kumayendera mapepala osindikizidwa. Koma inu ndinu amene mudatiphunzitsa kuti kafukufuku ndi kufunsa funso limene wina sadaliyankhe. Funso la mmene sitima ingayendere yokha pakati pa Herøya ndi Brevik lili ndi akatswiri mazanamazana ndi ndalama zimene ife sitidzazigwira. Tikalowa mpikisano umenewo tidzakhala onyamula zikwama za eni ake, dzina lathu lili lachisanu ndi chiwiri pamzere wa olemba. Funso la mmene mwera umadzukira pakati pa Chipoka ndi Mbenji, ndi mmene uthenga wosanamizika ungafikire munthu wa pabwato pa 2 koloko usiku, likudikira ife. Tikaliyankha, a ku nyanja ya Tanganyika, ya Kariba ndi ya Cahora Bassa adzabwera kudzafunsa kuno.

Ndalama zimene zimatidyetsa pasukulu pano zimachokera ku msonkho, ndipo mayi wogulitsa usipa pamsika wa Kamuzu Road amaulipira nthawi iliyonse akagula sopo kapena mayunitsi a foni. Mwana wake ali pamadzi usiku uno. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Senga Bay ndi ulendo wa maola awiri pa minibasi, kuchokera ku Zomba ndi tsiku losakwana. Tchuthi chikubwerachi, amene akufuna kulemba za chitetezo cha pamadzi atenge kope ndi pensulo, akagone mlungu umodzi kugombe, akafunse akamuna obwera kokoka ndi amayi odikira pamchenga chimene chimawaopsa. Akabwerako tidzamvera semina yake, ndipo mafunso tidzafunsa.